Nsomba yosalembedwa m'kaundula: malonda obisa a salimoni ndi chilungamo pa mtsinje wa Columbia

Pa mtsinje wa Columbia, umene umalekanitsa zigawo za Washington ndi Oregon kumpoto chakumadzulo kwa United States, msodzi akhoza kuponya ukonde womwewo pamalo omwewo masiku awiri osiyana, n'kuvuula nsomba za salimoni zofanana msinkhu ndi kunona komwe, koma ya tsiku loyamba n'kukhala malonda ovomerezeka, ya tsiku lachiwiri n'kukhala mlandu ikangogulitsidwa. Kusiyanako sikuoneka pa nsombayo ayi. Kuli m'malamulo amene mitundu inayi ya eni nthaka, anthu amene analiko azungu asanafike, ya Yakama, Umatilla, Warm Springs ndi Nez Perce, imakhazikitsa chaka ndi chaka mogwirizana ndi maboma a zigawo komanso boma lalikulu la dzikolo. Malamulowo amagawa usodzi wa mitunduyi patatu. Pali nsomba za miyambo, zimene zimaphedwa ndi chilolezo chapadera kuti zikadyedwe pa maliro, pa mapemphero ndi pa phwando lolandira salimoni yoyamba ya chaka. Pali nsomba za ndiwo, zimene banja limadya, kuyanika, kuwamba kapena kugawira okalamba amene sangathenso kufika kumtsinje. Ndiye pali nsomba za malonda, zimene zimagulitsidwa pa masiku okhawo amene mtundu walengeza kuti malonda atsegulidwa. Munthu akatenga nsomba ya miyambo kapena ya ndiwo n'kuisandutsa ndalama pa nthawi imene malonda ndi otsekedwa, waswa lamulo la mtundu wake, ndipo nsombayo ikayenda n'kugulitsidwa kwina akhoza kupezeka kuti waswanso lamulo la boma lalikulu.

Madandaulo pa nkhaniyi amachokera mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse imadziona kuti ndiyo yoponderezedwa. Asodzi a mbedza amene si a mitunduyi amagula chiphaso ku boma, amaloledwa nsomba imodzi kapena ziwiri pa tsiku, ndipo nthawi zambiri amalamulidwa kubweza m'madzi nsomba iliyonse imene inaswedwa yokha mumtsinje. Iwowa akaona maukonde atatchedwa m'mbali mwa mtsinje ndi nsomba zikugulitsidwa m'mphepete mwa msewu, amati lamulo limaluma iwo okha. Asodzi a mitundu ya eni nthaka nawonso amati palibe msodzi amene amalondedwa ngati iwo, pakuti pamutu pawo pali apolisi a mtundu wawo, apolisi a mitundu inayi ogwirira ntchito pamodzi, alonda a nyama ndi nsomba a zigawo ziwiri, kuonjezerapo a boma lalikulu. Kwa ine, kugulitsa salimoni mobisa n'kulakwa kwenikweni, ndipo woyamba kulakwiridwa ndi mtundu wa wogulitsayo. Koma mbiri ya mtsinjewu imaonetsanso poyera kuti ndodo ya lamulo yakhala ikugwera mwini ukonde molemera kuposa aliyense mwa amene anathetsa nsombazi, ndipo sindingakhulupirire munthu amene amanena chimodzi mwa ziwirizi n'kubisa chinacho.

Chifukwa chake kulakwako n'kwenikweni chili m'moyo wa nsombayo. Salimoni imaswedwa m'timitsinje tozizira ta m'mapiri, pakati pa timiyala ta pansi pa madzi, ndipo ikakula pang'ono imatsikira ku nyanja yamchere ya Pacific kumene imakhala chaka kapena zaka zingapo, kenaka imabwerera kumtsinje womwe inabadwira kukaikira mazira ndi kufa. Asodzi onse a pa Columbia amakumana nayo pa ulendo wobwererawu, isanaikire, kotero kuti yaikazi iliyonse yophedwa panjira imafa ndi mazira masauzande m'mimba. N'chifukwa chake usodzi wonse wa mtsinjewu waima pa kuwerenga. Pa damu la Bonneville, limene ndi loyamba kuchokera kunyanja, nsomba zimakwera makwerero a madzi omangidwa m'mbali mwa damulo, ndipo pamalo ena a makwererowo pali zenera lagalasi pamene munthu amakhala maola ambiri akuyang'ana m'madzi, n'kumadina batani nsomba iliyonse ikadutsa: iyi ndi chinook, iyi ndi sockeye, iyi ndi coho, iyi ndi steelhead, iyi ili ndi kachipsepse kakang'ono pafupi ndi mchira, iyi anaidula kachipsepseko idakali yaing'ono posonyeza kuti inaswetsedwa ndi anthu. Ntchito yowerengayi inayamba mu 1938. Kuchokera pa chiwerengerocho akatswiri amadziwa kuti chaka chino zabwera zingati, zingati ziyenera kusiyidwa kuti zikaikire, ndipo zingati zingaphedwe n'kugawidwa pakati pa mitundu ya eni nthaka ndi asodzi ena onse.

Nsomba yogulitsidwa mobisa silowa m'kaundula aliyense. Akatswiri amaganiza kuti ikupitirira ulendo wake kumapiri pamene inadyedwa kale mulesitilanti ina mumzinda, ndipo nsomba zoterozo zikachuluka, chiwerengero chimene aliyense amadalira chimanama. Msodzi wa mtundu womwewo amene anavuula ukonde wake tsiku lotseka litakwana, n'kukakhala pakhomo ngongole ya boti ndi mafuta ikumudikira, ndiye woyamba kuberedwa. Nkhalamba imene inayenera kulandira nsomba ya ndiwo yaberedwanso. Kumbukirani kuti mitunduyi inakhala zaka zoposa makumi awiri, kuyambira mu 1977, popanda nyengo ya malonda ya chinook zoyamba kubwera m'chaka, zimene ndi zonona ndi zamtengo kuposa zonse, n'cholinga choti mbewu yake isathe. Amene ankagulitsa mobisa m'zaka zimenezo ankadya thukuta la abale ake amene anadzimana. Choipa china n'chakuti mlandu wa munthu mmodzi umasanduka chida m'manja mwa anthu amene sanafunepo kuti mitunduyi ikhale ndi gawo lake. Paja amati ikawola imodzi zawola zonse, ndipo pa mtsinje uwu mwambiwu wagwiritsidwa ntchito mopanda chifundo: msodzi mmodzi akagwidwa, manyuzipepala ndi misonkhano zimadzaza ndi mawu akuti ufulu wa mitundu yonse uthetsedwe.

Ufulu umenewo si mphatso imene boma linapereka. M'zaka za 1854 ndi 1855, bwanamkubwa Isaac Stevens wa dera la Washington ndi Joel Palmer wa ku Oregon anachita mapangano ndi mitundu ya kumeneko, ndipo m'mapanganowo mitunduyo inapereka malo aakulu zedi koma inadzisungira ufulu wopha nsomba pa malo onse amene inazolowera kuyambira makedzana, limodzi ndi nzika zina za deralo. Mu 1905, pa mlandu wa abale a Winans amene anatchinga njira yopita kumalo osodzera, Khoti Lalikulu la United States linanena kuti panganolo silinali lopatsa eni nthaka ufulu, koma linali loti iwo ndiwo anapereka zina mwa zawo n'kusunga zotsalazo, ndipo linati kwa anthu amenewa nsomba inali yofunika pafupifupi ngati mpweya umene ankapuma. Ndiponso malonda a salimoni sanabwere ndi azungu. Pa mathithi a Celilo, pa mtsinje wa Columbia womwewu, panali msika waukulu wa nsomba zouma kwa zaka masauzande, kumene kunkasonkhana anthu ochokera kunyanja ndi ochokera kuzidikha za kum'mawa. Amene amati mwini nthaka weniweni amapha nsomba zodya zokha sadziwa mbiri ya mtsinjewo.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri chigamulo cha 1905 chitaperekedwa, maboma a zigawo ankagwiritsa ntchito malamulo oteteza nsomba pothamangitsa eni nthaka m'mitsinje yawo. Maboti akuluakulu ankakokolola nsomba kunyanja ndi kumatsiriro a mitsinje, ndiye zochepa zotsala zikafika kumtunda kumene kunali maukonde a eni nthaka, boma linkalengeza kuti nsomba zachepa ndipo usodzi watsekedwa. Billy Frank Jr. wa mtundu wa Nisqually anamangidwa koyamba mu 1945 ali ndi zaka 14 chifukwa chosodza mumtsinje wa makolo ake, ndipo pa moyo wake anamangidwa maulendo oposa 50, kulandidwa maukonde ndi mabwato. Anamwalira mu 2014, ndipo chaka chotsatira dziko lomwelo linamupatsa mendulo yapamwamba kwambiri imene limapatsa anthu wamba. Mu 1973 Khoti Lalikulu linapeza kuti lamulo la Washington loletsa kupha steelhead ndi ukonde mumtsinje wa Puyallup linali latsankho, popeza linkasiyira nsomba zonse asodzi a mbedza. Koma m'chigamulo chomwecho woweruza William O. Douglas ananenanso kuti pangano silipatsa munthu ufulu wothamangitsa nsomba yotsiriza mpaka italowa mu ukonde wake. Mawu awiriwa ndimawaona kuti ndi oona onse, ndipo sasemphana.

Pa Columbia, woweruza Robert Belloni anagamula mu 1969 kuti mitunduyi iyenera kulandira gawo loyenera la nsomba, ndipo pa 12 Febuluwale 1974 woweruza George Boldt, pa mlandu wa mitundu ya kumadzulo kwa Washington, ananena momveka kuti gawolo ndi theka la nsomba zimene zingaphedwe popanda kuononga mbewu. Analolanso kuti mtundu umene uli ndi atsogoleri okhazikika, apolisi ake, akatswiri a nsomba ndi kaundula wa anthu ake uziyendetsa wokha usodzi wake. Zimene zinatsatira n'zofunika kuzikumbukira tikamakamba za kukhwimitsa malamulo mosakondera. Asodzi a malonda amene sanali eni nthaka anakana chigamulocho n'kumasodza poyera pa masiku otsekedwa, makhoti a chigawo ankathetsa milandu yawo, ndipo akuluakulu a boma la Washington, motsogozedwa ndi loya wamkulu wa boma Slade Gorton, analimbana nacho mpaka ku Khoti Lalikulu, limene linachivomereza mu 1979. Khoti la apilo linafika ponena kuti, kupatula milandu ina yothetsa tsankho m'masukulu, panalibe chigamulo cha khoti la boma lalikulu chimene chinakanizidwa mwadala chotere m'zaka zana zimenezo. Umenewo unali usodzi wosaloledwa wa anthu mazanamazana, wochitika dzuwa likuswa mtengo, koma sunabale chilango chofanana ndi chimene chinagwera anthu a pa Cook's Landing zaka zochepa pambuyo pake.

David Sohappy anali mkulu wa chipembedzo cha makolo cha Washat, wolembedwa mu mtundu wa Yakama, ndipo dzina lake ndi limene lili pa mlandu umene Belloni anagamula mu 1969. Ankakhala ndi banja lake pa Cook's Landing, amodzi mwa malo ang'onoang'ono amene boma linapereka m'malo mwa midzi ndi madooko amene damu la Bonneville linamiza. Boma linalonjeza maekala 400, koma kwa zaka zambiri linangopereka pafupifupi 40. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akuluakulu a za nsomba anaona kuti salimoni pafupifupi 40,000 zimene zinawerengedwa pa Bonneville sizinaonekere pa damu la McNary kumtunda, ndipo sanachedwe kuloza chala asodzi a eni nthaka amene dera lawo losodzera, lotalika makilomita oposa 230, lili pakati pa madamu awiriwo. Mu 1981 nyumba ya malamulo inali itangokhwimitsa lamulo lakale la 1900 lotchedwa Lacey Act, kuti kugulitsa nsomba yophedwa mosemphana ndi lamulo la chigawo kapena la mtundu kukhale mlandu waukulu wa boma lalikulu. Nthumwi za boma zinadzisandutsa ogula nsomba, n'kumafika kumtsinje ndi ndalama m'manja kwa miyezi yambiri, kugula ndi kulemba mayina. Pa 17 Juni 1982 apolisi onyamula mfuti anazinga Cook's Landing. Mlandu unasamutsidwira ku Los Angeles, kutali ndi mtsinjewo, ndipo mu 1983 Sohappy anapezeka wolakwa pogulitsa nsomba 317 n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu. Mwana wake, David Jr., analandiranso zaka zisanu.

Nsomba 40,000 zija sizinabedwe ndi maukonde. Kafukufuku wa akatswiri a boma lomwelo anadzaonetsa kuti fakitale ya aluminiyamu imene inali pafupi ndi damu la John Day inkatayira mankhwala a fluoride mumtsinje, ndipo mankhwalawo ankasokoneza nsomba, kuzichedwetsa pa damulo ndi kupha zambiri. Atachepetsa mankhwalawo, nsomba zinayambanso kudutsa bwino. Palibe mkulu wa fakitale amene anagona m'ndende zaka zisanu. Chinanso chimene chimandipweteka mtima pa mlanduwu n'chakuti boma lalikulu linati likuteteza lamulo la mtundu wa Yakama, ndipo khoti la apilo linavomereza zimenezo mu 1985, koma mtunduwo utaweruza wokha nkhaniyo m'bwalo lake mu 1987, anthu ake amene anamva umboni wonse, kuphatikizapo za msampha umene unatchedwa ndi za chipembedzo cha woimbidwa mlandu, anapeza kuti Sohappy ndi wosalakwa. Pa nthawi imene nsombazo zinkagulitsidwa, lamulo la United States silinkalola bwalo la mtundu kupereka chilango choposa miyezi isanu ndi umodzi pa mlandu umodzi. Munthu anamangidwa zaka zisanu m'dzina la lamulo limene eni ake sakanatha kulanga nalo chotero, ndiponso limene eni akewo anati sanaliphwanye. Sohappy anadwala sitiroko ali m'ndende, anatulutsidwa mu 1988 aphungu ena monga Daniel Inouye atamulankhulira, ndipo anamwalira mu 1991.

Sindikunena kuti Sohappy sanagulitse nsomba. Anagulitsa, ndipo iye mwini ankakhulupirira kuti Mlengi ndiye anapereka salimoni ndipo palibe boma, ngakhale khonsolo ya mtundu wake, limene lingamuikire tsiku loyamba ndi loleka. Chikhulupiriro chimenecho ndimachilemekeza koma sindigwirizana nacho, chifukwa mtsinje umene akatswiri amati kale unkalandira salimoni pakati pa 10 miliyoni ndi 16 miliyoni pa chaka lero ukulandira kachigawo kochepa ka chiwerengerocho, ndipo pa mtsinje wotero munthu aliyense sangakhale lamulo la iye yekha. Atsogoleri ena a Yakama pa nthawiyo ankadandaula za asodzi amene sankamvera nyengo zotseka, ndipo dandaulo lawo linali ndi maziko. Chimene ndikukana ndi muyeso wa chilango, bwalo limene linaweruza, ndi njira yopezera umboni. Wogula wa boma akafika kwa munthu wosauka mobwerezabwereza, ndalama zili poyera, akupempha nsomba zambiri kuposa zimene munthuyo akanapha, boma limakhala likulima lokha mlandu umene lidzakolole.

Tikamayesa chilango cha msodzi, tiyenera kuchiika pambali pa zimene zinachitikira ena onse amene amapha salimoni. Damu la Grand Coulee, limene linamalizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, linamangidwa popanda makwerero a nsomba, ndipo linatsekeratu mtsinje wonse wa kumtunda kwake. Pa 10 Malichi 1957 zitseko za damu la The Dalles zinatsekedwa, ndipo m'maola ochepa mathithi a Celilo anamira pamodzi ndi nsanja zamatabwa zimene amuna ankaimapo, chingwe chili m'chiuno, akuvuula nsomba ndi maukonde a mipini italiitali. Mitundu inalipidwa madola pafupifupi 27 miliyoni pa chuma chimene chinadyetsa anthu zaka masauzande. Malo ambiri oswetsera nsomba amene anamangidwa pofuna kubwezera zimene madamu anaononga anaikidwa kumunsi kwa Bonneville, kotero kuti nsomba zake zinkabwerera kumeneko osafika kumene eni nthaka amasodza. Sockeye za mtsinje wa Snake, umene umathira mu Columbia, zinalembedwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha mu 1991, ndipo lero magulu 13 a salimoni ndi steelhead a m'chigwa cha Columbia ali pa mndandanda wotetezedwa. Madamu amaloledwa ndi lamulo kupha gawo lina la nsomba zimenezi chaka chilichonse. Oweruza atatu, Malcolm Marsh mu 1994, James Redden kangapo pambuyo pake ndi Michael Simon mu 2016, anakana mapulani a boma oyendetsera madamuwo ponena kuti sakukwaniritsa lamulo loteteza nsomba, ndipo nthawi iliyonse chilango chinali choti boma likalembenso pulani ina. Mu Juni 2024 unduna woona za malo wa boma lalikulu unatulutsa lipoti lovomereza kuti madamuwo anaononga miyoyo ya mitunduyi. Ngakhale makalavati a pansi pa misewu ya boma la Washington, amene amatchinga nsomba kupita kokaikira, anafunika mlandu woyambira mu 2001 n'kukathera ku Khoti Lalikulu mu 2018, ndipo bomalo linapatsidwa mpaka 2030 kuti likonze ambiri mwa iwo. Wophwanya lamulo wamkulu amapatsidwa zaka zoti akonze, pamene wamng'ono amalandidwa ukonde tsiku lomwelo.

Zimenezi sizichotsa dandaulo la msodzi wa mbedza, koma zimaliika pamalo pake. Zambiri zimene iye amaziona n'kuziyesa umbava n'zololedwa. Munthu amene waimitsa galimoto pa Cascade Locks, tauni ya m'mbali mwa mtsinjewu, m'miyezi ya malonda, n'kupeza banja litatsegula mabokosi a ayezi, chinook zitandandalikidwa zochotsedwa kale matumbo, sikelo ili pambali, mayi akulemba lisiti yosonyeza dzina la msodzi, mtundu wake ndi tsiku, waona malonda ovomerezeka amene mitunduyi imalimbikitsa kuti msodzi apeze mtengo wabwino kuposa umene amapatsidwa ndi ogula opikulitsa. Malamulo a msodzi wa mbedza ndi a msodzi wa ukonde amasiyana chifukwa theka lililonse limayendetsedwa ndi mwini wake: boma la chigawo limagawa theka lake kwa anthu masauzande ambiri, choncho aliyense amapeza nsomba imodzi kapena ziwiri, pamene mtundu umagawa theka lake kwa asodzi ochepa amene usodzi ndiwo ntchito yawo. Komabe msodzi wa mbedza ali ndi ufulu wofunsa ngati theka linalo likuwerengedwa moona, monganso mwini nthaka ali ndi ufulu wofunsa za nsomba zimene zimafa zitabwezedwa m'madzi ndi mbedza, ndi za anthu amene amapitirira muyeso wa tsiku popanda wowaona. Mbali zonse zikamaika poyera kuchuluka kwa amene agwidwa, milandu imene yaweruzidwa ndi zilango zimene zaperekedwa, mphekesera zimachepa mphamvu.

Pali nkhani ina imene anthu akunja amaopa kuikhudza, koma asodzi a m'mitundumo amaikamba okha. Ngati bwalo la mtundu ndilo loyenera kuweruza mwana wake, monga ndikukhulupirira, ndiponso monga khoti la apilo linavomereza mu 1974 pa mlandu wa Settler kuti a Yakama akhoza kugwira ndi kuweruza anthu awo ngakhale pa malo osodzera a kunja kwa dera lawo, ndiye kuti bwalolo lili ndi udindo wolemera. Mtundu ndi mudzi wa anthu odziwana, mmene wapolisi, woweruza, membala wa komiti ya nsomba ndi woimbidwa mlandu akhoza kukhala a magazi amodzi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mwana wa banja lamphamvu akagulitsa nsomba za chilolezo cha maliro n'kungochenjezedwa, pamene mnyamata wopanda womulankhulira walandidwa boti pa mlandu womwewo, chilungamo chafa ngakhale mzungu sanalowererepo. Ulamuliro umene Billy Frank ndi anzake anaumenyera umalimba pamene mtundu ukulanga wamkulu ndi wamng'ono mofanana. Mitundu inayi inadziwa zimenezi pamene inakhazikitsa bungwe loyang'anira usodzi wawo pamodzi, la Columbia River Inter-Tribal Fish Commission, mu 1977, ndipo pambuyo pake apolisi ake amene likulu lawo lili ku tauni ya Hood River, amene amayendera mtsinje usana ndi usiku, kuvuula maukonde otchedwa pa nthawi yoletsedwa ndi kutumiza milandu ku bwalo la mtundu wa wogwidwayo. Chilango chimene chimagwira mtima msodzi ndi kulandidwa ufulu wosodza kwa nyengo imodzi kapena ziwiri pamaso pa abale ake, ndipo ndi mtundu wokha umene ungapereke chilango chotero popanda kuoneka ngati mdani wakale wabweranso.

Chimene chimasowa kwambiri m'nkhani zonsezi ndi wogula. Salimoni yogulitsidwa mobisa ili ndi mwini lesitilanti kapena wamalonda amene amadziwa bwino lomwe kuti mwezi uno malonda ndi otsekedwa, amene amafika usiku, kulipira mtengo wotsika chifukwa wogulitsa sangadandaule kwa aliyense, n'kukaigulitsa mumzinda pa mtengo wokwera monga nsomba yoyamba ya chaka. Phindu lalikulu limatsala kwa iyeyu. Koma kuyambira mu 1978, pa mlandu wa Oliphant wokhudza mtundu wa Suquamish, Khoti Lalikulu linagamula kuti mabwalo a mitundu alibe mphamvu yoweruza milandu yaupandu ya munthu amene si mwini nthaka. Zotsatira zake n'zakuti wapolisi wa mtundu akapeza anthu awiri akusinthana nsomba ndi ndalama m'mbali mwa mtsinje, mmodzi amapita ku bwalo la mtundu, pamene winayo tsogolo la mlandu wake limadalira ngati loya wa boma la chigawo kapena wa boma lalikulu angaone kuti n'koyenera kutayirapo nthawi. Lamulo la Lacey Act limakhudza wogula mofanana ndi wogulitsa, ndipo malamulo a zigawo amafuna kuti aliyense wogula nsomba kuti akagulitsenso akhale ndi chiphaso ndi kulemba nsomba iliyonse imene walandira, kotero kuti chida chogwirira wogula chilipo kale. Chofunika n'chakuti milandu imene apolisi a mitundu amatumiza kwa maloya a boma izitengedwa mwachangu monga mmene boma limathamangira milandu ya asodzi, kuti oyendera malesitilanti ndi misika azifunsa malisiti a salimoni iliyonse yatsopano imene yapezeka pa nthawi yotseka, ndiponso kuti wamalonda wopezeka nayo azilandidwa chiphaso chake cha malonda kwa nthawi yofanana ndi imene msodzi amalandidwa ufulu wake wosodza.